Anangondo a Kwa Osiya

Anangondo tinawaika mwezi wathawu kumudzi kwawo, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi. Zaka zawo palibe ankazidziwa bwino, chifukwa eni akewo ankazisintha malinga ndi amene wafunsa: kwa adokotala ankachotsapo, kwa ana amwano ankawonjezera. Pamaliropo panali amayi a Chikatolika amene anayimba mpaka mawu kusasa, amuna a mikanjo ochokera ku Nayuchi ndi ku Ntaja, a Sabata angapo, ndiponso kagulu ka ife azibambo amene tinkapatsana moni mwachimwemwe koma osanena kumene tinadziwirana. Mayi wina anandifunsa ngati tonsefe tinali achibale a malemu. Ndinamuyankha kuti inde, mwa njira ina.

Kumene tinadziwirana n'kumene anthu a m'deralo amakutcha Kwa Osiya. Ndi nyumba yaitali, yomwe kale ankasungiramo thonje, mtunda pang'ono kuchoka pa Balaka. Amuna ofuna kusiya mowa ndi chamba amakhalamo miyezi itatu. Anaitsegula ndi Abusa Chimwaza, a mpingo wina waung'ono wa ng'oma ndi chinkuzamawu, amene nawonso anali chidakwa chodziwika asanatembenuke mtima. Lachitatu lililonse kunkabwera namwino kudzatiyeza ndi kutipatsa mankhwala. Ine ndinafikako ndili mphunzitsi amene manja ake ankanjenjemera mpaka choko kugwa. Za ine zithere pomwepo.

Anangondo anali wotiphikira. Ntchito imene anawalembera inali imeneyo, koma ankagwiranso ya mlonda, ya phungu, ya woweruza milandu, ndipo masiku ena ya wotsutsa Abusa. Anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, Mkatolika wa kolona m'manja. Ankapemphera kolonayo akuphika, ndipo akasokoneza chiwerengero ankakalipira aliyense amene walowa m'khitchini nthawi imeneyo. Chimene chinkadabwitsa alendo n'chakuti mayi yemweyu anatchezapo kachasu zaka zoposa makumi awiri, ndipo sankabisa. Ankati ntchito ya Kwa Osiya imafuna munthu wodziwa mdani ndi nkhope yomwe.

Mphuno yawo inali yoopsa. Munthu akatumidwa kuchigayo kapena kumsika, pobwera ankamuimitsa pachipata n'kumuuza kuti anene mawu oti Phalombe. Mpweya wa mawu amenewo unkawakwanira. Sankangodziwa kuti munthu walawa, ankatchulanso khomo limene walawirako, n'kuwonjezera kuti mayi wa pakhomopo sanaphunzirebe kusamala moto. Ambirife tinasiya kuzemba osati chifukwa cha chikhulupiriro, koma chifukwa cha Phalombe.

Chibaba chikamugwira munthu, iwo ankachiona iye asananene. Ankangomuponyera malambe kuti aziyamwa, kenako n'kumupatsa lichero la nandolo kuti asende. Ankati manja opanda ntchito ndi amene amayamba kukumbukira botolo, pakamwa pamangotsatira. Mawu oti chidakwa sankawalola pabwalopo. Aliyense anali achimwene, kaya ndi mkulu wa pa ofesi amene wabwera pagalimoto, kaya ndi wakabaza amene abale ake am'bweretsa atam'manga ndi chitenje kuti asagwe panjira.

Nkhani imene aliyense wa Kwa Osiya amaidziwa, ngakhale amene anabwera zaka zambiri pambuyo pake, ndi ya Che Jafali. Inachitika nthawi yanga, m'mwezi wanga wachiwiri.

Masiku amenewo lamulo linali lakuti belu likalira m'mawa, tonse tizisonkhana ku mapemphero a Abusa, ndipo tiyi ankabwera pambuyo pake. Wojomba kumapemphero ankajombanso ku tiyi. Abusa sankachita zimenezi mwankhanza. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene chinawatola iwo m'ngalande chingatole munthu aliyense, ndipo ankaona kuti kumulekerera munthu kugona nthawi ya mapemphero n'chimodzimodzi kumulekerera kuti afe. Anangondo ankang'ung'udza nalo lamuloli, ndipo ojombawo ankawapatsa mbatata mobisa kuseri kwa khitchini, koma anali asanalimbane nalo poyera.

Che Jafali anali Msilamu wa ku Nayuchi, wochita malonda a nsomba zouma ndi zitenje kudutsa malire. Mowa anauyambira tsidya linalo, kumene kunalibe womudziwa, mpaka unam'tsatira kumudzi. Anabwera naye ndi akazi ake ndi amalume ake, mwamanyazi, chifukwa kwawoko nkhaniyi ankaibisa. Anali munthu waulemu kwambiri. Milungu iwiri yoyamba ankakhala kumbuyo pa mapemphero, osayimba, osadandaula, kenako n'kukaswali yekha kuseri kwa bafa, atayala thumba la feteleza. Anangondo ataona zimenezo anam'patsa mkeka watsopano n'kusesa pakhonde la kum'mawa, koma za mapemphero a m'mawa sanathe kusintha.

Lachisanu la mlungu wachitatu, Che Jafali anapempha kuti apite ku mzikiti. Abusa anakana. Anati palibe wotuluka pachipata mwezi woyamba usanathe, ndipo lamulo limenelo linalipodi. Koma anawonjezera mawu ena, akuti njira yake yakaleyo inam'lephera kale, ndiye ayeseko yatsopano. Atatero anam'vula chisoti kuti amuike manja pamutu n'kumupempherera. Tonse tinaona nkhope ya Che Jafali ikusintha. Anatola chisoti chake, analowa m'nyumba, anaika zovala m'jumbo, n'kutuluka pachipata dzuwa likukwera.

Anangondo anali kudimba kukathyola masamba. Atabwera ndinawauza ndine. Sanafunse chifukwa chake, anangofunsa kuti pachipata wakhotera mbali iti. Nditawauza kuti kumanzere, anatula dengu pansi. Njira ya ku siteshoni ndi ya kumanja. Ya kumanzere inkapita kwa Anajere, amene kachasu wawo ankatchuka mpaka ku Liwonde.

Zotsatirazi ndinazimva kwa onse awiri kambirimbiri, ndipo sankagwirizana pa chinthu chimodzi chokha: Anangondo ankati wakabaza amene anam'kwera ankapalasa ngati akudwala, pamene Che Jafali ankati anaona fumbi lokha likudutsa m'minda ya thonje. Iye ankayenda pang'onopang'ono, kuima pamthunzi uliwonse, akulimbana ndi mtima wake. Pamene ankafika kwa Anajere, anapeza Anangondo atakhala kale pamtondo, akuthandiza mwini khomo kusankha mpunga, ngati anabwera dzulo. Anajerewo anali wophunzira wawo wakale, ndipo ankawaopabe.

"Che Jafali, mwabwera kudzaswali kuno?" anafunsa choncho Anangondo.

Che Jafali anaweramitsa mutu. Anati wauzidwa pamaso pa anthu kuti chipembedzo chake chinam'lephera, ndipo cha Abusa sangachilowe, ndiye chomwe chatsala n'chomwechi.

"Ine za chipembedzo chanu sindidziwa zambiri," anatero Anangondo. "Koma kachasu wa pakhomo pano ndikumudziwa, mayi awa ndinawaphunzitsa ndine. Pa ziwirizi, chimene chinakugwetsani ndi ichi. Chinacho musachinamizire."

Kenako anamuuza kuti sadzam'gwira malaya. Ngati akufuna kumwa, Anajere sakusamuka, awapeza madzulo. Koma nthawi ya mapemphero a Ijuma inali pafupi, ndipo kabaza anali akudikira panjira. Apite kaye akaswali, akatuluka asankhe yekha kumene angalowere. Anajere anayesa kunena kuti kasitomala saletsedwa, koma atayang'anidwa kamodzi anabwerera ku mpunga wawo.

Anaitana kabaza wachiwiri, n'kupita onse pa Balaka. Che Jafali analowa mu mzikiti, Anangondo anakhala tsidya la msewu pakhonde la telala wina, kolona m'manja, maso pakhomo. Telalayo anawafunsa ngati akudikira amuna awo. Iwo anati iyayi, akudikira achimwene awo. Anthu anayamba kutuluka, anatha onse, Che Jafali osaoneka. Ankanena okha Anangondo kuti apa mpamene anachita mantha, poganiza kuti mwina pali khomo lina lakuseri. Patapita nthawi anatuluka pamodzi ndi a Shehe, mkulu wa ndevu zoyera. Anali atatsalira m'katimo kuwauza a Shehewo zonse, chinthu chimene sanachitepo kwa mtsogoleri aliyense wa chipembedzo chake. A Shehe anawoloka msewu, anawathokoza Anangondo m'Chiyao, iwo n'kuyankha m'Chiyao chawo chothyokathyoka cha kumsika. Che Jafali anangonyamula jumbo yake n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, mayi. Anthu aja sanadye."

Zinalidi choncho. Tsiku limenelo tinadya mochedwa, ndipo ndiwo zake anaphika ndi ife tomwe, zamchere ngati za m'nyanja.

Abusa anawachingamira pachipata. Anati wotuluka yekha sabwerera, ndipo wantchito wothandiza munthu kuswa lamulo ayenera kukayankha ku komiti. Anangondo anavomera za komitizo, koma anati munthuyu agona momwemo mpaka komitiyo ikumane, ndipo analowa naye akuyankhulabe.

Komiti inakumana Lolemba pansi pa mtengo wa m'bawa, ife tikumvera chapatali uku tikunamizira kusenda nandolo. Anangondo anabwera atavala chitenje chawo cha ku Misa. Ntchito yawo inali pangozi, ndipo ankadziwa. Abusa anayamba ndiwo, ndipo kunena zoona anayankhula bwino. Anafotokoza mmene ankagonera m'misewu, mmene ana awo ankawathawira, mmene pemphero linawadzutsira. Anafunsa kuti munthu amene wapeza mankhwala om'chiritsa angawabise bwanji kwa odwala anzake.

Anangondo anati palibe akuwauza kuti abise. Aziike poyera, ofuna atenge, ndipo ambiri adzatengadi. Koma anati tiyi ndi chakudya cha odwala, si malipiro a nyimbo. Kenako ananena mawu amene tinawaloweza tonse:

"Abusa, ine ndagulitsa kachasu zaka zambiri. Pakhomo panga pankabwera Akatolika akuchokera ku Misa, a Sabata ankabwera Lamlungu, Asilamu ankabisa chisoti m'thumba, a mpingo wanunso ankadzera kuseri. Sindinafunsepo munthu kuti amapemphera kuti. Mowawo polowa sunafunse mpingo. Nanga ife pouchotsa tifunsirenji?"

Mkulu wina wa komiti anaseka mpaka kutsokomola, chifukwa ankadziwa kuti pa odzera kuseri aja analipo. Namwino uja, amene anaitanidwa ngati mboni, ananena modekha kuti iye sangapitirize kupereka mankhwala ofunika kumwa munthu atadya pamalo pamene odwala ena amamanidwa chakudya cha m'mawa. Pomaliza Abusa anafunsa kuti nanga munthu akapita ku mzikiti n'kukhotera kwina, mlandu ukhala wa yani. Anangondo anati ukhala wawo, chifukwa azipita nawo okha.

Lamulo linasintha tsiku lomwelo. Belu linkalirabe, koma ola loyamba linakhala la aliyense ndi Mulungu wake. Abusa ankapempheretsa m'chipinda chachikulu, ndipo anadabwa kuona kuti anthu sanachepe kwenikweni, kungoti otsalawo ankayimba ndi mtima wonse. Asilamu anali ndi khonde lawo. A Sabata anasiya kupatsidwa khasu Loweruka, m'malo mwake ankathirira dimba Lamlungu ife tili kutchalitchi. Mbuzi kapena nkhuku ikapezeka, ankazinga ndi Msilamu kuti mphika ukhale umodzi. Amene sankafuna pemphero lililonse ankaloledwa kukhala phee pabenchi, koma osati kugona, chifukwa pa nkhani ya ulesi Anangondo ndi Abusa anali a mpingo umodzi.

Abusa ananyanyala milungu iwiri. Ankadutsa pakhitchini osapereka moni, Anangondo n'kumawapatsa moni wokweza kawiri. Mlungu wachitatu Abusa anapita okha kwa Che Jafali kukapepesa za chisoti chija. Za mawu ena aja sanapepese, ankati amakhulupirirabe zomwezo, ndipo Che Jafali anati palibe vuto, nayenso ali ndi zimene amakhulupirira za iwo. Kuyambira pamenepo ankakangana za malemba pafupifupi madzulo alionse akusewera bawo, mpaka Anangondo kuwalanda bawoyo kuti anthu adye.

Musaganize kuti mayiyu ankalimbana ndi mipingo ya ena yokha. Katekisiti wa tchalitchi chawo chomwe anabwerapo ndi kope, kuti alembe mayina a amuna oti ayambe kalasi. Anam'landira bwino, anam'patsa mpando ndi chakudya, kenako anamuuza kuti atseke kopelo. Anati amuna a muno ndi odwala, ndipo wodwala amavomera chilichonse pofuna kusangalatsa womusamala. Tchalitchi chili pamsewu, mtanda wake umaonekera patali, wofuna adzafika ndi miyendo yake akachira. Katekisitiyo anakawanenera kwa Bambo Mfumu. Sindikudziwa zimene anakambirana kumeneko, koma Anangondo anabwerako ali ndi kolona yatsopano.

Yoseketsa kuposa zonse inachitika patapita zaka, nthawi imene Che Jafali anali atachira ndipo ankabwera mwezi ndi mwezi kudzalimbikitsa atsopano. Kunabwera a Namakhwa, bambo wa Chilomwe amene anagwirapo ntchito ya njanji. Iwo anati sapita kutchalitchi kapena ku mzikiti, amayankhula ndi makolo awo, ndipo anapempha kaufa pang'ono kuti akathire patsinde pa mtengo n'kuwauza bambo awo omwalira kuti mwana wawo akufuna kusintha. Kwa nthawi yoyamba Abusa ndi Che Jafali anagwirizana: onse anati zimenezo ayi. Anangondo anawakumbutsa Che Jafali za thumba la feteleza kuseri kwa bafa. Anatunga ufawo m'kapu n'kupereka. Koma a Namakhwa atawonjezera kuti mwambowo umafunanso kamowa pang'ono, Anangondo anawatungira thobwa la tsiku lomwelo, lotsekemera, n'kunena kuti, "Mukawauze makolowo kuti nawonso asiya. Pakhomo pano timasiya banja lonse." A Namakhwa anaseka, anakathira thobwalo, ndipo anamaliza miyezi yawo itatu. Pamaliro paja ndi amene ankagawa mafosholo.

Mwezi wa Ramazani unkawavuta Asilamu a pabwalopo chifukwa cha mankhwala. Ena ankafuna kusala pamene thupi linali lisanalimbe. Anangondo sankawalamula. Ankatumiza uthenga kwa a Shehe aja, amene ankabwera pa njinga yawo n'kukhala pamodzi ndi namwino kuuza munthu aliyense payekha ngati angasale kapena adzabweze masikuwo akachira. Osala kudyawo Anangondo ankawasungira futali wa chinangwa ndi nsinjiro, wokoma moti dzuwa likamalowa Akhristu ena ankapezeka akuzungulirazungulira pakhonde la kum'mawa, akufunsa mafunso a chipembedzo amene analibe nawo chidwi masana.

Chifukwa chimene anasiyira kutcheza kachasu Anangondo ankachinena kamodzikamodzi, ndipo mwachidule. Anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, amene ankamwa pakhomo pawo pomwepo, ndipo ankam'tungira woyamba kutuluka, waukali uja, chifukwa chom'konda. Anadwala chiwindi n'kumwalira ali ndi ana aang'ono. Atabwerako kumanda Anangondo anaswa mphika, paipi n'kuiponya mu Rivirivi. Ana aja analera ndi iwo. Akafika pamenepa ankasintha nkhani n'kufunsa amene wasiya chikho chosatsuka.

Si onse amene anachira. Ena anabwerera ku mowa, ena tinawaika. Anangondo ankapita ku maliro alionse, a mpingo uliwonse, ndipo kumene akazi safika kumanda ankakhala ndi amayi anzawo pakhomo mpaka amuna abwere. Wobwerera kachiwiri kapena kachitatu Kwa Osiya sankamufunsa kuti zinatani. Ankangomuuza kuti bedi lake lili pomwe lija.

Ulendo wa Lachisanu anauyenda zaka zambiri, kutsogolo amuna awiri kapena asanu, iwo kumbuyo ndi ambulera. Telala uja anafika powasungira mpando. Miyendo itayamba kutupa, komiti inafuna munthu wina woti aziperekeza, ndipo amene anadzipereka anali Abusa Chimwaza. Ankakhala pakhonde lomwelo la telala ndi Baibulo lawo, ndipo anthu a m'tauni anazolowera. Anangondo ankati Abusa amaperekeza bwino, vuto lawo n'lakuti pobwerera amalalikira njira yonse. Atagona kuchipatala masiku awo omaliza, anamuuza namwino kuti alendo awo alowe mmodzimmodzi, aliyense apemphere m'njira yake, koma mwachidule, chifukwa odwala ena akufuna kupuma.

Ndinapitako Kwa Osiya mlungu watha. Kuli amuna asanu ndi anayi, ndipo akuphika ndi mayi wina wachitsikana, wodekha, wodziwa ntchito yake. Chimene chinandidabwitsa ndi bata. Kale munthu ankamva mawu a Anangondo asanafike n'komwe pachipata. Tsopano kukumveka nkhuku ndi wailesi ya kwa aneba. Pakhomo la khitchini pali chitsa cha mtengo wa tsanya chimene ankakhalapo miyendo itafooka, chosalala pamwamba, pamalo pamene munthu amaona chipata, khonde la kum'mawa ndi khomo la chipinda chachikulu nthawi imodzi osatembenuza khosi. Ndinali ndisanazindikirepo zimenezo. Nsapato zawo za pulasitiki zili pansi pa chitsacho, imodzi yomangidwa ndi waya. Mayi watsopanoyo anandiuza kuti anafuna kuchiwaza chitsacho kuti chikhale nkhuni, koma Abusa anam'letsa. Palibe amakhalapo. Amuna atsopano, amene sanawaonepo Anangondo, akamabwera ndi mbale zawo amachilambalala, ndipo akafika pafupi nacho amatsitsa mawu.